Chithunzi Chotsiriza cha a Lufeyo

Ana inu, mukafunsa akuluakulu adzakuuzani kuti mwambi wa nkhono ndi wakale kuposa kamera. Asiyeni anene. Mwini wake ndi a Lufeyo Kamtedza a ku Dedza, ndipo mwambiwo unabadwira pa chipika chowola.

A Lufeyo anali munthu wojambula zithunzi, koma waphuma. Pa ukwati ankajambula mkwatibwi asanamwetulire, mwina asanafike n'komwe. Mtima wawo unali kwina. Mvula ikagwa ankalowa m'thengo kusaka zipika zowola, n'kumajambula tibowa tomera pamenepo. Anali ndi galasi lokuza zinthu lomangira kutsogolo kwa kamera, moti kabowa kochepa ngati njere ya mapira kankaoneka ngati ambulera ya abusa.

Tsiku lina anafika kumudzi ali wefuwefu, napeza mlamu wawo, a Jelasi, akumata tayala la njinga.

"Alamu, lero ndaona zoona! Pa chipika cha msuku chija pamera tibowa tofiira, ndipo pa tibowapo pali nkhono. Yandiyang'ana! Maso ake ali kunsonga kwa tinyanga."

A Jelasi anaseka mpaka kutsokomola. "Nkhono maso? Alamu, bowa mumajambulayu mwayamba kudya wosaphika eti? Kalanga mlongo wanga, anakwatiwa ndi bodza loyenda!"

"Ndikuonetsani chithunzi."

"Mukajambula maso a nkhonoyo bowayo asanafote, tonde wanga uja n'ngwanu. Mukalephera kamerayo ndi yanga, ndizisungiramo fodya."

Anagwirana chanza. Atatero m'pamene a Lufeyo anakumbukira kuti filimu yatsala malo a chithunzi chimodzi chokha, ndipo ina ankakagula kutali ku Lilongwe. Naye bowa wa pa chipika sadikira munthu.

M'mawa mwake anathamangira kuthengo kuja. Nkhono inalipo, koma itamva mdidi inalowa m'chigoba. Anagogoda ndi kamtengo: "Odi kuno! Odi eni nyumba!" Kuli zii. Anaiuzira mpweya, anaiimbira likhweru, anaiopseza kuti aiwotcha. Nkhono phee. Atatopa anagona chafufumimba, kamera kumaso, n'kungoti duu. Posakhalitsa kanyanga kamodzi kanasuzumira.

"Eyaa!" anafuula a Lufeyo. Kanyanga kanabwerera.

Apa anazindikira. Dzulo lija nkhono inatulutsa maso chifukwa iwo anali chete, mtima wonse uli pa bowa. Anagonanso, nalumbira chamumtima kuti sagwedezeka.

Anakhalitsa, ana inu. Chiswe chinawayesa chipika n'kuyamba kumata dothi pa nsapato. Tibowa tinamera pa buluku lawo, ndipo wokana akafunse amene anachapa. Timba anatera pa chipewa n'kuyamba kuyeza malo a chisa.

Kenako anatulukira a Jelasi, thumba lotengera kamera lili m'manja.

"Alamu! Mwafa kodi? Ngati mwafa nenani, ndikauze mlongo wanga."

A Lufeyo maso ali pa chigoba basi.

"Alamu, linthumbu likukwera mwendo wanu."

Limeneli silinali bodza. Linthumbu linalowa m'buluku n'kuyamba ntchito yake. Misozi inalengeza, chala chili pa batani. Akadina msanga, kamera yapita. Akadzikanda, kamera yapitanso. Analuma mano osaphethira. A Jelasi atatopa ndi kulankhula okha anakhala pansi, nawonso duu.

Pamenepo nkhono inasolola mutu pang'onopang'ono, inakwera pa kabowa kofiira, n'kutambasula tinyanga take. Kunsonga kwake timaso takuda tinangoti tuzu. Kamera inati tcha!

A Lufeyo anadzuka ndi mfuu umene unamveka mpaka ku Mozambique, ndipo buluku analisiya pamtengo.

Chithunzi chitatsukidwa, a Jelasi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kabowa kaja kanali ngati denga la tchalitchi, timizere ta kunsi kwake tonse tikuoneka, ndipo pamwamba pake nkhono ikuwayang'ana iwowo m'maso.

"Alamu, nkhono ndakhala ndikuziponda chibadwire. Bwanji maso akewa sindinawaonepo?"

"Mumaziponda, n'chifukwa chake," anatero a Lufeyo akumasula chingwe cha tonde. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mawu amenewa anayenda mudzi ndi mudzi mpaka akupezani inu lero. Tanthauzo lake n'lakuti pali zinthu zina zimene sungazione pogogoda, pokuwa kapena poopseza. Ukazikakamiza zimabisala, ukafatsa zimadzionetsa zokha. Mwana wamanyazi ndi choncho, samu yovuta ndi choncho, ngakhale mtima wa mnzako ndi choncho. Ndipo kudekha si kugona tulo ayi. Ndi kukhalabe maso pa chimene ukufuna, ngakhale linthumbu lili m'buluku.

Tonde uja a Lufeyo anamutcha Dekhani. A Jelasi ankayang'ana kumbali akamamudutsa.