Nangozo ndi Galimoto Yoimba Mluzu

Kalekale, komatu osati kale la mikondo ndi zishango ayi, kale la dzana lomweli pamene magalimoto anali atayamba kufika kumidzi, kunali mayi wina dzina lake Nangozo. Ankakhala kumapiri, kuja kozizira kumene amalima mbatatesi. Khalani pansi bwino ana inu, ndipo iwe uli kumapetoko leka kutokosa moto.

Mwamuna wa Nangozo anali a Dzonzi, katswiri woyendetsa ngolo. Anali ndi mwana wamkazi mmodzi, Tadziwana. Ndati mmodzi, koma anabadwa awiri. Wamkulu, Ndaziona, anatsirizikira pangolo akupita naye kuchipatala kukabereka mwana wake woyamba. Pakati pa mudziwo ndi chipatala panali zitunda zitatu, ndipo ng'ombe sizidziwa changu. Anamwalira pamwamba pa chitunda chachiwiri, mutu uli pamiyendo ya amake. Chisoni chimenecho sichinamuchoke Nangozo.

Tsono Tadziwana anakwatiwa, ndipo posakhalitsa anakhala ndi pakati. Mwamuna wake anali atapita ku Joni kukafuna ntchito. Nangozo akamuona mwanayo akuwerama pamtondo, mantha ankamugwira.

Tsiku lina anati, “Bambo a Tadziwana, mwana uyu sadzakwera ngolo. Mvula isanagwe, pakhomo pano pakhale galimoto.”

Mbatatesi zinali zitabereka bwino zaka zitatu zotsatizana, choncho nkhaniyi sinali loto. A Dzonzi anapita kuboma kukaphunzira kuyendetsa. Anabwerako ndi chiphaso, ndiponso kayendedwe kena ka mapewa kamene kale analibe. Ndipo awiriwo ananyamuka ulendo wa kumzinda.

Kumeneko anapeza wogulitsa magalimoto, munthu wa pakamwa potsekemera ngati nzimbe. Anawaonetsa magalimoto awiri, aja ataliatali miyendo amene saopa maenje kapena matope.

“Kunjaku ndi mapasa,” anatero wogulitsayo. “Kusiyana kuli m'mimba. Iyi ili ndi tabo, kachipangizo kamene kamauzira mphepo mu injini monga mvukuto wa wosula makasu. Ikaona chitunda imaimba mluzu n'kuuluka. Iyo ilibe tabo, injini yake ndi wamba. Kukwera imakwera ndithu, koma modandaula.”

A Dzonzi sanadikire n'komwe. “Ya mluzuyo,” anatero, maso ali ngwee.

Koma Nangozo anati, “Safunsa anadya phula. Tikaziyese kaye panjira yakwathu. Lero iyi, mawa iyo.”

Wogulitsa anavomera, nakwera nawo.

Tsono mudziwe mwambo wa anthu a kumapiri aja. Pamwamba pa chitunda chilichonse panali mtengo wamthunzi. Woyendetsa ngolo aliyense akafika pamtengopo ankaima, n'kumasula ng'ombe pagoli kuti zipume. Wodutsa osaima ankatchedwa wankhanza, ndipo palibe ankamubwereka ng'ombe. A Dzonzi anali atachita zimenezi zaka makumi anayi, mpaka mwambowo unachoka m'mutu n'kukakhala m'dzanja.

Galimoto ya mluzu inakwera chitunda choyamba ngati palibe chitunda. Fiii! Fumbi m'mbuyo. A Dzonzi anaseka mpaka mano otsala aja anaoneka onse. Atafika pamtengo anaima, napotokola kiyi. Injini zii.

“Ayi bambo!” anakuwa wogulitsa. “Imeneyi sitizimitsa itangokwera kumene. Tabo yatentha ngati khala. Isiyeni izilira pang'ono, oyilo aziyenda, izizire bwino. Mukamatere muipha.”

“Ipume ikulira?” anadabwa a Dzonzi. “Munaonapo ng'ombe ikupuma ili pagoli?”

“Si ng'ombe iyi, bambo.”

“Chabwino, ndamva.”

Anakwera chitunda chachiwiri. Fiii! Pamtengo anaima. Injini zii. Wogulitsa anagwira mutu ndi manja onse awiri.

“Pepani,” anatero a Dzonzi. “Dzanja lachita lokha.”

Ndipo Nangozo anamasula kansalu kofiira kamene anali nako, nakamangirira pakiyi kuti kakhale chikumbutso. Anakwera chitunda chachitatu. Fiii! Pamtengo a Dzonzi anaima, anazimitsa injini, anamasula kansalu kaja n'kupukutira thukuta kumaso. Kenako anasisita chiwongolero nati, “Puma mwanawe, wagwira ntchito.”

Maso a Nangozo anaona zonse.

M'mawa mwake anayesa galimoto inayo. Ha! Imeneyo inkakwera ikung'ung'udza ngati mkamwini wotumidwa kumunda kwa apongozi. Giya yachiwiri, giya yoyamba, gululu gululu, koma pamwamba inafika. A Dzonzi anaizimitsa pamtengo, ndipo wogulitsa sanakuwe.

Pamwamba pa chitunda chachiwiri panali kamsika, ndipo kumapeto kwa kamsikako kunali chisakasa cha makaniki, a Chimphonda. Munthuyo anali wosalankhulitsa, manja akuda bii ndi oyilo chaka chonse. Amuna aja akupumitsa galimoto, Nangozo anatsika n'kupita kuchisakasako. Anapereka moni, nafunsa mafunso atatu.

“A Chimphonda, ija yoimba mluzu munaiona dzulo. Ndi yoipa?”

“Ayi mayi, ndisainamizire. Ndi galimoto yabwino zedi. Adokotala a kuchipatala ali nayo yotero, chaka chachisanu tsopano, sinawavutepo. Koma iwo aja amaidikira kuti izizire, ndipo oyilo amagula wa m'chigubu chomata, n'kumasintha nthawi yake isanapyole.”

“Nanga itadwala pano, mungaichize?”

“Tabo ikafa, ine ndilibe nayo mawu. Imeneyo ndi ya kumzinda, ndipo mungadikire mwezi.”

“Nanga iyi yodandaulayi?”

A Chimphonda anamwetulira. “Imeneyo sipanala zanga zimaidziwa. Ikadwala m'mawa, masana ili pamsewu.”

Nangozo anathokoza. Atabwerera anauza wogulitsa kuti, “Titenga iyi.”

Ana inu, a Dzonzi anakwiya! Masiku atatu ankangoyankha ndi mphuno. Ankati anzawo pabawo adzawaseka, kuti anasiya mphepo n'kutola kamba. Tsiku lachitatu Nangozo anawakhalira pafupi pakhonde.

“Bambo a Tadziwana, ine galimoto ija sindinaide. Koma dzanja lanuli ndalidziwa zaka makumi atatu. Ndi dzanja lachifundo, silingaone chinthu chitatopa osachipumitsa. Chifundo chimenecho chikanaipha galimoto ija pang'onopang'ono, ndipo ikanadzafa tsiku limene tikuifunitsitsa.”

“Ndikanaphunzira,” anatero a Dzonzi.

“Mwina mukanaphunzira. Koma mwana wam'mimbayo sadikira kuti agogo ake amalize sukulu.”

A Dzonzi anafuna kupitiriza kukwiya, koma phwete linawatulukira m'mphuno, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Miyezi inadutsa. Galimoto yodandaula inanyamula mbatatesi, inanyamula odwala, inanyamulanso akwati awiri. Pamtengo uliwonse a Dzonzi ankaizimitsa n'kuisisita, ndipo iyo sinadandaule koposa mmene inkadandaulira kale.

Tsono mvula inagwa. Panali patatsala masabata atatu kuti Tadziwana apite kukadikirira kuchipatala monga amachitira amayi oyembekezera. Koma mwana sawerenga masiku. M'mawa wina, dzuwa litangotuluka pambuyo pa chimvula, Tadziwana anagwira chitseko nati, “Amayi, matenda ayamba.”

Nangozo anathamangira kugalimoto. Anayala bulangete kumpando wakumbuyo, anamugoneka mwanayo, naika mutu wake pamiyendo pake. Atangotero anakumbukira kuti ndi mmenenso anamugonekera Ndaziona, ndipo anachita mantha kwambiri.

Chitunda choyamba chinali matope okhaokha. Galimoto inakwera ikulira, gululu gululu, pang'onopang'ono, mpaka munthu wapanjinga anatsala pang'ono kuipitirira.

“Ikanakhala ya mluzu ija bwenzi tili kutali,” anatero a Dzonzi.

Ndisakunamizeni, Nangozo nayenso mumtima anadzifunsa ngati sanalakwe. Pamtengo dzanja lija linapitanso pakiyi, injini zii.

“Bambo!” anakuwa Nangozo.

“Pepa, pepa!” Anailizanso, ndipo inadzuka nthawi yomweyo osanyinyirika.

Chitunda chachiwiri ndicho chinali chachitali. Atatsala pang'ono kufika pamwamba, kutsogolo kunatuluka nthunzi yoyera, fooo! Galimoto inadzikoka mpaka pakamsika, n'kuima. Pomwe paja anatsirizikira Ndaziona, ana inu. Pamtengo womwe uja. Tadziwana anabuula, ndipo Nangozo anakuwa ndi mawu amene anthu anali asanawamvepo kwa iye.

“A Chimphonda! A Chimphonda, thandizeni!”

Makaniki uja anabwera akuthamanga, chikho cha tiyi atachitaya panjira. Anatsegula kutsogolo, anadikira nthunzi ichepe, nasuzumira.

“Paipi ya madzi yang'ambika kumapeto. Musalire mayi, iyi ndi ntchito yanga.”

Anadula pong'ambikapo ndi mpeni, anakokera paipiyo pamalo pake, naimanga zolimba. Amayi a pamsika anathamanga ndi zidebe za madzi, wina anakhuthula ngakhale amene amatsukira tomato. Chimanga chimene wina anaika pamoto galimoto ikufika chinali chisanapse pamene a Chimphonda anatseka kutsogolo n'kumenyapo ndi chikhatho.

“Lizani! Pitani!”

Inalira. Inatsika, inawoloka kamtsinje, inayamba chitunda chachitatu. Gululu gululu. Tadziwana anafinya dzanja la amake mpaka linachita dzanzi. Nangozo ankangoti, “Limba mwanangu, limba, tafika,” ngakhale anali asanafike.

Mtengo wa pamwamba unaoneka. Nangozo anaona dzanja la mwamuna wake likuchoka pachiwongolero, likupita kukiyi. Dzanja lija linaima m'malere. Kenako linabwerera pachiwongolero, ndipo a Dzonzi anaponda moto.

“Undikhululukire,” anaiuza galimotoyo. “Lero ndine wankhanza. Ukapuma kutsogolo.”

Kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi anayi, a Dzonzi anadutsa pamtengo osaima.

Kuchipatala anamwino anamulandira Tadziwana ndi machira n'kulowa naye. Nangozo anatsatira. A Dzonzi anatsala panja, chipewa m'manja, akungozungulira bwalo. Dzuwa linakwera, linafika paliwombo, linayamba kupendeka. Ndipo chitseko chinatseguka, Nangozo anatuluka nkhope ili yonyowa ndi misozi.

A Dzonzi analephera kufunsa. Anangomuyang'ana.

“Wachira,” anatero Nangozo. “Mwana wamkazi. Onse awiri ali moyo. Anamwino akuti tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina.”

Bambo wamkulu uja, wa ndevu za imvi, anakhala pansi m'matope momwemo n'kulira ngati kamwana. Nangozo anagwada pambali pake. Analira onse awiri, kulirira amene anapita ndi kusekerera amene wabwera, mpaka mlonda wa pachipata anabwera kudzawauza kuti mdzukulu akuwadikira mkati.

Tsono imvani phunziro lake, ana inu, poti mawa ndinu mudzaime pakati pa zinthu ziwiri zokongola, wogulitsa akukuthirani uchi m'makutu. Galimoto ya mluzu sinali yoipa, ndipo yodandaula sinali yoposa inzake. Musamafunse kuti champhamvu ndi chiti. Muzifunsa kuti njira yanga ndi yotani, dzanja langa ndi lotani, ndipo chikadzandifera pathengo adzandidzutsire ndani. Chinthu chabwino ndi chimene chikuyenera iwe mmene ulili, osati mmene ukulakalaka utakhalira.

Wa kumapeto uja wagona kale, mudzutseni akagone m'nyumba. Yanga nthano yafika, yathera pamenepo.