Wojambula Amene Ankabisa Chipsera cha Phiri

Abale anga, pa boma lina la m'tsinde mwa phiri panali munthu wojambula zithunzi ndi penti. Nkhope za anthu sankajambula ayi. Zake zinali mapiri, minda ya tiyi, mitsinje ndi mitambo. M'mawa uliwonse ankayala nsalu yake pa thabwa pansi pa mtengo wa mango, n'kusakaniza penti m'zivundikiro za zitini, n'kuyamba ntchito akuimba mluzu. Zaka makumi awiri anatha akutero. Ana anaphunzira, nyumba anafolera ndi malata, mtima wake unali m'malo. Ndipo tisamunamizire, dzanja anali nalo munthuyu.

Koma anali ndi chizolowezi chimodzi. Phiri la kumeneko linali ndi chipsera, mzere wofiira wochokera pamwamba mpaka m'munsi. Pamenepo panadutsa napolo chaka china, madzi ndi miyala zitagumuka n'kukokolola mitengo ndi nyumba. Wojambula uja akafika pa chipseracho, ankangoviika bulashi mu penti wobiriwira n'kudzalapo mitengo. Paja alendo odzaona malo sakonda kupachika zipsera pabalaza. Anzake onse a m'mbali mwa msewu ankatero, moti dzanja linkachita lokha, mutu uli kwina.

Tsiku lina kunabwera mayi Nankhonya, ogulitsa zinanazi pamsika, akuyenda motsimphina. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Elube, anali atakwatiwa kutali kuchigwa, kumene maso amayenda tsiku lonse osakumana ndi phiri. Elubeyo ankanyamuka kupita kumeneko Loweruka la sabata lomwelo.

"Bambo, mundijambulire phiri lathuli monga limaonekera pakhonde panga," anatero mayiwo. "Ndikufuna adzukulu anga akadzabadwa adzadziwe kwawo."

Wojambula uja anakondwa. Anakakhala pakhonde la mayiwo masiku atatu, akumwa thobwa, akujambula. Chithunzi chinatuluka chokoma kuposa zonse zimene anajambulapo chiyambire ntchitoyi. Iye mwini ankati akaima chapatali n'kuchiyang'ana, ankadzigwedezera mutu yekha. Lachisanu masana anaitana eni ake kuti adzaone.

Mayi Nankhonya anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwajambula bwino zedi, bambo. Koma phiri limeneli ndi la kuti?"

"Ndi lanu lomweli, mayi."

"Ayi. Lathu lili ndi chipsera."

Apa munthu uja anazindikira zimene dzanja lake linachita. Koma mukudziwa mmene tilili anthufe, pakamwa sipachedwa kupeza loya. "Ndabisa dala, mayi, kuti mwana asamakumbukire zowawa."

Mayi aja anamugwira pamkono n'kumulozera kuphiri. "Mukuuona mkuyu umodzi waima pakati pa chipseracho? Madzi atatitenga ndinakakamira pamenepo, Elube ali kumsana, wa miyezi inayi. Mwendo uwu unathyokera pomwepo. Inu mwafufuta malo amene Mulungu anatigwirira dzanja. Nanga Elube ana ake adzawalozera pati?"

Wojambula uja anagwidwa ndi manyazi, komanso chithunzi chake chinamuwawa. Kudutsitsa mzere wofiira pakati pa ntchito yokongola chonchi kunali ngati kung'amba malaya atsopano. Akanatha kunena kuti nthawi yatha, basi inyamuka mawa m'mawa. Mayi aja, mwa ulemu wawo, akanalandira n'kuthokoza, Elube n'kupita ndi phiri la eni.

Sanatero. Anawerama, natapa dothi lakatondo pabwalo pomwepo, nalisakaniza ndi penti. Anatsitsa mzere uja kuchokera pamwamba mpaka m'munsi, kukwirira mitengo yabodza ija. Kenaka anatenga kabulashi kakang'ono, najambula mkuyu umodzi pakati pake.

Mayi Nankhonya anaomba m'manja, misozi ili m'masaya koma akuseka. "Eya! Kwathu n'kumeneku."

Loweruka Elube anakwera basi chithunzi atachikulunga m'chitenje. Kondakitala anafuna kuchiponya pamwamba pamodzi ndi matumba, iye anakana, nachifukata pamiyendo ulendo wonse. Wojambula uja anabwerera pansi pa mango wake mtima uli mbee.

Tsono abale anga, wojambula ameneyu ndi ine, ndi inu. Tikamafotokoza za moyo wathu, kaya kwa ana athu, kaya pano pa tchalitchi, timathamangira penti wobiriwira. Chaka chimene banja linatsala pang'ono kutha, timadzalapo mitengo. Nthawi imene mowa unatigwetsa m'ngalande, timadzalapo mitengo. Matenda aja, ndende ija, kugwa kuja, zonse timakwirira, kuti anthu aziti banja ili ndi lobiriwira chibadwire. Tikuyesa tikusunga ulemu, chonsecho tikufufuta malo enieni amene Mulungu anatipulumutsira.

Ana athu nawonso adzakumana ndi madzi awo, ndipo tsiku limenelo adzafunafuna pogwira. Musawapatse chithunzi cha phiri losalala. Aonetseni chipsera, muwalozere mtengo uja, muwauze kuti: apa ndinatsala pang'ono kupita, ndipo apa Mulungu sanandisiye.