Tsamba Lachitatu

Panali munthu wina wa kufupi ndi Santhe amene anakalamba akusankha fodya. Zaka makumi anayi anakhala pansi m'chigafa, mulu wa masamba kumanzere, timiyulu ta magiredi kumanja. Tsamba akaligwira, n'kulitambasula, n'kuliyang'ana pa kuwala, mlandu wake unkathera pomwepo. Lathunthu linkapita pamulu waulemu. Lobooledwa ndi mbozi kapena long'ambidwa ndi matalala ankaliponya kumbuyo osacheuka n'komwe. Lamulo lake linali limodzi ndipo linali lisanamunamizepo: tsamba labwino ndi lathunthu.

Mkazi wake atamwalira, mawondo nawonso atayamba kukana, mwana wake wamkazi, Esinati, anadzamutenga kuti akakhale naye ku Lilongwe kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Mkuluyo anapita, koma mtima unatsala m'chigafa. M'nyumba ya m'tauni munalibe chofuna manja ake. Akatenga tsache, mwana ankati pumulani. Akagwira ndowa, pumulani. Kwa munthu amene wagwira ntchito moyo wake wonse, mawu amenewa amapweteka kuposa chipongwe. Ankadya, n'kugona, n'kumadziona ngati mpando wowonjezera m'nyumbamo.

Pakona ya chipinda chochezera panali duwa mumphika waukulu. Ankangoti duwa, koma linali lisanachitepo maluwa. Linali ndi masamba okhaokha, obiriwira, ofanana ndi a koko. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu amalitcha monsitera. Esinati analitenga kwa mnzake lili kamphukira ka masamba awiri, ndipo anali atalisunga zaka zisanu. Linali lamoyo ndithu, koma lonyentchera, lopendekera mbali imodzi. Mkuluyo ankalidutsa molinyoza. Chinthu chosadyedwa, chosagulitsidwa, chosapereka ngakhale mthunzi, koma chikugona m'nyumba ngati munthu!

Kenaka Esinati anatumizidwa ku Blantyre kukawonjezera maphunziro kwa miyezi isanu ndi umodzi. M'mawa wa tsiku lonyamuka anaima pafupi ndi mphika uja, chikwama chili kale paphewa.

“Ababa, ndikukusiyirani duwali. Musamalithirire tsiku ndi tsiku. Muzipisa chala m'dothimu, mukamva kuti mwauma ndiye muthirire. Ndipo mukadzaona tsamba latsopano likutuluka lili...”

“Iwe mwanawe,” anatero mkuluyo, “zaka makumi anayi ndili pa tsamba. Lero undiphunzitse tsamba iwe? Pita, basi ikusiya.”

Esinati anaseka, n'kutuluka. Mawu aja anapita nawo ku Blantyre osawamaliza.

Mkuluyo atatsala yekha anakhala pansi n'kuliyang'ana duwalo koyamba ndi diso la mlimi. Chinali chinthu chokhacho chimene mwana wake anamudalira nacho chibwerereni m'tauni, ndipo anatsimikiza mumtima kuti mwanayo adzalipeza losiririka. Zolakwika anaziona msanga. Pakona paja panali mdima, choncho anaukoka mphikawo n'kuufikitsa pafupi ndi zenera lolowa kuwala kwa m'mawa, koma osati pamene dzuwa la masana lingawauwe masamba. Dothi linkanunkha chinyezi chakale chifukwa bowo la pansi pa mphika linali litatsekeka. Analitsegula, n'kuikamo dothi latsopano losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owola bwino. Pa tsinde panali mizu ina yolendewera m'malere ngati zingwe. Wina akanaidula kuti ikuipitsa. Iye anazindikira kuti chomera chotere n'choyanga ndipo chikufuna chogwira, monga nyemba zimafunira phesi. Anazika mtengo mumphikamo, n'kuukulunga chiguduli, n'kumangirira tsinde mosafinya. Loweruka lililonse ankapukuta fumbi tsamba limodzilimodzi ndi kansalu konyowa. Kunyoza kuja kunatha, ngakhale mukanamufunsa akanakana.

Duwa linayankha. Mizu ija inagwira chiguduli, tsinde linawongoka n'kunenepa. Patapita miyezi iwiri panatuluka tsamba latsopano, lopindika ngati ndudu. Mkuluyo ankaliyendera m'mawa uliwonse. Linatambasuka pang'onopang'ono, lalikulu kuposa onse akale, lofewa, lonyezimira. Koma linali long'ambika m'mbali, ndipo pafupi ndi msana wake panali mabowo.

Mkuluyo anadzidzimuka. Anatembenuza tsamba lililonse kufunafuna mbozi. Anatakasa dothi ndi kamtengo. Analawirira m'mawa mame asanakamuke, nthawi imene tizilombo timakhala tikudya. Sanapeze kanthu. Koma lamulo linalipo, ndipo dzanja linkalidziwa bwino kuposa mutu. Anatulutsa kampeni kake n'kudula tsambalo pa tsinde penipeni, kuti matenda asafalikire.

Tsiku lomwelo analikulunga m'nyuzipepala n'kupita nalo kusitolo ya zaulimi. Wogulitsa analiyang'ana kamodzi, n'kugwedeza mutu mwachisoni, n'kutsitsa botolo. Wogulitsa mankhwala sanaonepo chomera chopanda matenda. Mkuluyo anapopera, anawaza phulusa pa dothi, ndipo tsamba lija analiika pamwamba pa kabati ya zovala m'chipinda chake.

Lamlungu Esinati anaimba foni. Anafunsa za mawondo, za chakudya, kenaka anati, “Nanga duwa lili bwanji, ababa?”

“Lili bwino.”

Akanatha kufunsa pamenepo. Funso lake linali lalifupi, silikanamutengera ngakhale mphindi imodzi. Koma anachita manyazi. Akanati chiyani? Kuti chinthu chimodzi chokha chimene anamusiyira chalowa mbozi iye akuyang'ana? Zaka zisanu m'manja mwa namwino chinalibe bowo, miyezi iwiri m'manja mwa mlimi chabooka. Anaopa kuti mwana akabwera adzanena mokoma mtima kuti, “Palibe kanthu, ababa, pumulani.”

Patatha milungu isanu panatuluka tsamba lachiwiri. Linali lalikulu kuposa loyamba, ndipo linang'ambika kwambiri. Ulendo uno mkuluyo analiyang'ana nthawi yaitali asanalidule. Pali zina zimene zinamudabwitsa. Polumidwa ndi mbozi pamakhala manomano, ndipo m'mphepete mwake mumauma n'kuchita bulauni. Apa m'mphepete munali mosalala, mobiriwira mpaka kumapeto. Mbozi imasiya zitosi, apa panalibe. Zonsezi anaziona ndithu, pakuti maso ake anali akadali akuthwa. Koma anati mbozi za m'tauni mwina n'zaukhondo, n'kudula. Pa tsinde panatsala zipsera ziwiri, ndipo pamwamba pa kabati panali masamba awiri.

Tsamba lachitatu linayamba kuonekera kutatsala mwezi umodzi kuti Esinati abwere. Apa mkuluyo anati wakuba ameneyu amugwire. Anang'amba chidutswa cha neti yakale ya udzudzu, n'kuchiyang'anitsitsa kuti chisakhale ndi bowo. Tsambalo likadali lopindika, lolimba, losaloweka ngakhale ndi nyerere, analivindikira ndi netiyo n'kumanga kukamwa kwake pa tsinde ndi ulusi, kusiya malo okwanira kuti litambasukiremo. Mphikawo anaukhazika pa njerwa m'beseni la madzi kuti chokwawa chilichonse chimire chisanafike. Kenaka anakoka mpando.

Anadikira masiku asanu ndi atatu. M'netimo simunalowe kanthu. Tsamba linayamba kumasuka kuchokera m'mphepete, ndipo mkuluyo ankasuzumira m'kati mwa mpindiro. Mabowo anali momwemo kale. Anali momwemo tsamba lisanaone kuwala, lisanakhudzidwe ndi mphepo.

Litatambasuka lonse, anamasula neti. Kampeni kanali kale m'dzanja, sanadziwe n'komwe nthawi imene anakatulutsa. Anaika mpeniwo pa tsinde. Asanadule, chizolowezi chakale chinamugwira, ndipo analitambasula tsambalo pa kuwala kwa pazenera monga ankachitira m'chigafa. Anawerenga pong'ambika. Kumanzere kwa msana kasanu. Kumanja kasanu. Paliponse pong'ambika panayang'anizana ndi panzake, ndipo mabowo anandanda m'mbali mwa msana ngati anachita kuyeza.

“Mbozi sidziwa kuwerenga,” anadziuza yekha.

Panalibe amene analing'amba tsambalo. Linabadwa choncho. Koma kudziwa zimenezi sikunamupepukitse mtima. Sanadziwe ngati ndi mmene duwalo liyenera kukhalira kapena ndi iye amene analiwononga ndi manyowa ake. Akadula, mwana adzapeza masamba akale okhaokha, athunthu, opukutidwa bwino, ndipo adzamuyamika. Akalisiya, mwana adzangolowa pakhomo n'kuona chinsanza chachikulu chili pamwamba pa zonse. Anaima pamenepo mpaka mawondo anayamba kudandaula.

Anapinda kampeni n'kukabwezera m'thumba.

Esinati anafika masana a Lachisanu. Mkuluyo anakhala pampando wake, manja pa mawondo, ngati munthu wodikira chigamulo. Mwanayo analowa, anayamba kupereka moni, koma moniwo unathera panjira. Chikwama chinagwa pansi.

“Lang'ambika! Ababa, lang'ambika!”

Mkuluyo anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma anaona kuti mwana wake akuseka, ndipo m'maso muli misozi. Esinati anagwada pafupi ndi mphika, n'kumapisa zala m'mabowo aja limodzilimodzi.

“Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani tsiku lija. Duwa ili likakhala laling'ono limatulutsa masamba athunthu. Likakhwima, likapeza kuwala ndi chogwira, m'pamene limayamba kung'ambika. Ndiko kukongola kwake kumeneku. Zaka zisanu ndakhala ndikudikira, mpaka ndinataya mtima. Inu miyezi yochepa yomweyi mwalitulutsa tsamba loyamba!”

Apa mkuluyo akanatha kukhala chete. Zipsera zija zinali kuseri kwa mtengo, ndipo chiyamiko chimene ankachilakalaka chibwerereni m'tauni chinali chitafika chokha. Koma anali munthu amene sanabisepo tsamba loipa pakati pa belo la fodya. Anadzuka pang'onopang'ono, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi nyuzipepala ija. Anaitambasula patebulo. Munali masamba awiri, ouma, ofiirira ngati fodya, mabowo ake akuonekabe bwinobwino.

“Si loyamba, mwanawe. Ndi lachitatu.”

Esinati anayang'ana masambawo, kenaka anasuzumira kuseri kwa mtengo n'kupeza zipsera. Anazisisita ndi chala.

“Mukanandifunsa, ababa.”

“Unayamba kundiuza wekha. Sindinakulole kumaliza.”

Duwalo linakula mpaka kufika kudenga, ndipo mkuluyo ndiye ankalisamalira masiku ake onse. Pa duwa lokhalo, mwana sananenenso kuti pumulani. Linatulutsa masamba ambiri, lililonse long'ambika kuposa linzake. Koma pamene panadulidwa awiri aja panakhala poyera mpaka kalekale, ndipo Loweruka lililonse akamapukuta fumbi, kansalu kake kankadutsa pa zipsera ziwirizo.

Tsono inu amene mwasiyiridwa chamoyo kuti muchisamalire, kaya ndi mwana, kaya wophunzira, kaya wantchito watsopano, taonani bwino mkulu uyu. Sanali waulesi ndiponso sanali wankhanza. Kusamala kwake ndi kumene kunakulitsa duwa, ndipo kusamala komweko ndi kumene kunalidula. Lamulo lake linali loona m'chigafa, koma iye sanalinso m'chigafa. Amene mwamulera bwino adzafika pena pamene sadzafanananso ndi mmene munamuzolowerera. Adzayamba kufunsa, kutsutsa, kuchita zinthu mwa njira imene simunamuphunzitse. Nthawi zina imeneyo imakhaladi mbozi, ndipo mpeni uli ndi ntchito yake. Koma musanadule, funsani wodziwa, pakuti safunsa anadya phula. Ngati palibe womufunsa, kokani mpando mudikire muone ngati chimene chikukuopsanicho chachokera kunja kapena chabadwa m'kati. Mpeni mukaupinda lero, mawa mukhoza kuutambasulanso. Tsamba mukalidula, silibwereranso pa tsinde.