Kupitirira Kansalu Kofiira

Anthu a m'nkhani ino ndimawadziwa kuposa mmene ndingavomerere pano. Pakamwa sindikanatha kuifotokoza, ndiye ndangoilemba.

Ku Hobhouse, mu Mutare, kuli nyumba ina yokhala ndi katakishopu pageti, pomwe mayi Esnath amagulitsa mabanzi, sopo ndi mafuta ophikira a m'timabotolo. Kuseri kwa chitseko cha nyumbayo kumakhala ndodo yachitsulo yofika pachifuwa, yosalala ndi manja a anthu. Mwini wake woyamba anali bambo wa a Laison, amuna awo a mayi Esnath. Mkuluyo adachoka ku Ntcheu wapansi n'kudzakalambira m'migodi ya golide ku Penhalonga, ndipo mwana wake adamusiyira zinthu ziwiri zokha, ndodoyo ndi khutu. Ankati ukagogoda denga la mgodi n'kulira kuti ngwee, lowa. Likati phuphu ngati ng'oma yonyowa, thawa, ngakhale chipewa usatole.

A Laison iwo adasankha malasha. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi ankagwira ntchito pa mgodi wina kumadzulo, kupitirira Bulawayo, ulendo wothyola msana pa basi, ndipo ku Hobhouse ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri. Ntchito yawo inali kuboola misewu ya pansi pa nthaka. Ankayendetsa chimakina cha mano achitsulo chimene chimatafuna malasha n'kumatsegula njira, ena n'kumatsatira pambuyo akukhoma mabawuti aatali kudenga kuti lisagwe. Denga la kumeneko ndi la mwala wofumbutuka. Podula, umayenera kusiya malasha okhuthala ngati chikhatho kuti aphimbe mwalawo, chifukwa ukangoonekera poyera umayamba kusweka. Chikhatho chimenechi a Laison sankachiyeza. Ankachimva m'khutu ndi mumsana, pa kunjenjemera kwa mpando. Anzawo ankati a Laison atha kudula malasha atatsinzina.

Kenaka kudabwera makina atsopano, opanda mpando. Woyendetsa ankakoleka kabokosi pachifuwa, rimoti ya timabatani ndi kagalasi koonetsa manambala, n'kuima kutali kumbuyo, pansi pa denga lokhomedwa kale. Pa mzere womaliza wa mabawuti ankapachikapo kansalu kofiira. Makina apite kutsogolo okha, munthu asadutse kansaluko. Akuluakulu a mgodi adanenanso kuti woyendetsa wolephera mayeso a rimoti pakatha miyezi itatu adzachotsedwa pa makina, akakhala wowola ndi fosholo malasha otayika m'mbali mwa lamba wonyamula malasha kunja.

Zimenezo sizidawaopse a Laison. Chidawalasa mtima ndi mphunzitsi wake. Anali Danai, mwana wa mayi wina amene kale ankachita lendi chipinda chakuseri kunyumba kwawo ku Hobhouse. Mtsikanayu adaphunzira kuyenda atagwira mwendo wa thalauza la a Laison, ndipo Chichewa chake chopindikapindika adachitola pakhomo pawo pomwepo. Tsopano anali atamaliza sukulu ya zamakina, atavala chipewa choyera, ataima kutsogolo kwa amuna khumi ndi awiri akufotokoza m'Chingerezi chothamanga.

Zoyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo a Laison adazigwira tsiku lomwelo. Koma pa kagalasi panali manambala awiri osinthasintha, osonyeza pamene mano afika kumwamba ndi pamene ayenera kulekezera. Apa mpamene padawasokonekera. Danai adafotokoza kamodzi, mwachangu, anyamata onse n'kugwedeza mitu. Kenaka adatembenukira kwa a Laison, amene ankawatchula Sekuru, ndiko kuti agogo m'Chishona, n'kutsitsa mawu.

"Sekuru, mwamva pamenepa? Ndibwereze?"

Maso a anzawo onse adawayang'ana. A Laison adamva kutentha m'makutu.

"Ndidamva iwe usanabadwe," adatero. Anyamata adaseka, Danai n'kupitiriza.

Atabwera kutchuthi ku Hobhouse, mayi Esnath adaona kuti amuna awo sakudya bwino. Masana ena akuyala mabanzi m'takishopu, a Laison atakhala pa kreti akupukuta jombo, nkhani idatuluka yokha pang'onopang'ono ngati munga.

"Ndiye vuto lili pati, abambo ake Joyleen? Mwanayo ndi wathu. Muitaneni pambali, mumufunse."

"Ndifunse Danai? Mwana amene ndinkamupukuta mamina ndi mpango wanga?"

"Mamina adauma kalekale. Pano ali ndi satifiketi."

"Iwe Esnath, malasha sadulidwa ndi satifiketi."

"Nanga akudulidwa ndi chiyani, poti mpando wanu uja adauchotsa?" Mayiwo adawaloza ndi mpeni wa buledi. "Ine foni iyi adandiphunzitsa ndi Joyleen, mwana wobala ndekha. Kodi ndidachepa? Onani, ndikadali wonenepa chomwechi."

A Laison adaseka pang'ono, koma mtima udali utauma kale ngati chikumba. "Ndipeza njira yanga," adatero. Ndipo adaipezadi.

Atabwerera kumgodi, adaona kuti ukaima kumbuyo kwa kansalu kofiira fumbi limaphimba mano a makina, phokoso limafika losakanikirana, khutu silithandiza. Choncho kapitawo akangopita kumsewu wina, iwo ankadutsa kansaluko. Poyamba sitepe imodzi. Mawa lake ziwiri. Pakutha kwa mwezi ankaima sitepe zisanu mkati, pansi pa denga lopanda bawuti ndi limodzi lomwe, rimoti ili pachifuwa koma maso ali kudenga. Malasha ankatuluka ambiri, kapitawo n'kumawayamikira kuti nkhalamba yagonjetsa anyamata.

Amene ankaona zonsezi anali Chrispen, woyendetsa ngolo yonyamula malasha kuchokera ku makinawo. Tsiku lina akudya buledi wawo pa nthawi yopuma, adalankhula.

"Mudhara, akulu anga, mukundiika pamoto. Ndikanena, ntchito yanu yatha. Ndikapanda kunena, tsiku lina ndidzanyamula inu m'ngolomu."

"Denga ili ndimalidziwa ngati nkhope ya mkazi wanga."

"Nkhope ya mkazi imasinthatu osakuuza."

"Idya buledi wako, Chrispen."

Chrispen adadya buledi wake. Nayenso anali ndi manyazi ake, oopa kuoneka kazitape pa munthu wamkulu.

Lidali Lachinayi m'mawa, patatsala masabata awiri kuti mayeso achitike. A Laison adaika botolo lawo la madzi pansi, pa malo amene ankayenera kuima, n'kudutsa kansalu monga mwa masiku onse. Tsikulo mzere wa malasha udali utatsika pang'ono, chinthu chimene manambala a pa kagalasi ankachinena poyera kwa wodziwa kuwerenga. Iwo adakweza mano pa muyezo wa dzulo. Padathetheka moto, mano akukanda mwala. Adazimitsa makina msanga kuti aone bwino.

M'bata limenelo ndi mmene adamva denga likulankhula. Lidati tetete, ngati nkhuni zouma zikuyamba kuyaka. Timiyala tidawagwera pachipewa. Khutu la bambo awo silidawanamize, lidangowauza mochedwa. Adatembenuka n'kuthamanga. Sitepe yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Pa yachisanu chimwala chachikulu ngati chitseko chidatsika n'kuwapana mwendo wamanzere, dzanja lawo litagwira kale kansalu kofiira.

Chrispen ndi okhoma mabawuti adawakoka atatukula mwalawo ndi zitsulo, ataima kumbali yokhomedwa, akutukwana ndi kupemphera nthawi imodzi. Akuwanyamula pa machira, a Laison adatembenuza mutu. Fumbi lidali litayamba kutsika. Botolo lawo la madzi lidali chiimire pomwe adalisiya, osagwa, osakandika. Pa malo amene adauzidwa kuti aziima sipadagwe ngakhale kamwala kamodzi.

Mwendo udathyoka pawiri, koma madokotala adaupulumutsa. Chimene chidatsala pang'ono kuduka ndi ntchito. Akuluakulu a mgodi adabwera kuchipatala ndi mapepala awo, ndipo Danai adali nawo, maso ali ofiira. Mkulu wa zachitetezo adafunsa funso limodzi: munthu wa zaka zonsezi mumgodi, adadutsiranji kansalu?

Bodza lidali pafupi. Akanatha kunena kuti chingwe cha magetsi chidakodwa, adapita kukachikonza. Chrispen sakanawatsutsa. A Laison adayang'ana mwendo wawo wokutidwa pulasitala, kenaka adayang'ana mtsikana uja.

"Manambala aja sindidawamve," adatero. Mawu adatuluka okhakhala. "Tsiku loyamba lomwe sindidawamve. Mwanayu adandifunsa, ine ndidanama. Ndakhala ndikudutsa mwezi wathunthu ndi theka. Musamuimbe mlandu iye, kapena Chrispen amene adandichenjeza."

Danai adaphimba kukamwa ndi dzanja.

Chigamulo chidabwera patatha sabata. Chifukwa adanena zoona, sadawachotse ntchito. Koma pa makina adawatsitsa, ndipo adati mwendo ukapola adzapatsidwa mwayi umodzi wokha wa mayeso. Akalephera, fosholo ikuwadikira ku lamba.

A Laison adabwerera ku Hobhouse ndi ndodo ziwiri za kuchipatala. Mayi Esnath sadanene kuti ndidakuuzani. Adangowaikira mpando pakhonde, moyang'ana ku mapiri a Bvumba, n'kumawapatsa tiyi. Kusalankhula kwawoko kudapweteka kuposa mwendo.

Loweruka lina Danai adabwera kudzaona mayi ake, amene tsopano amakhala ku Sakubva, dera lina la mu Mutare momwemo, ndipo adadzera pakhomopo atanyamula malalanje. Adagwada pang'ono, kuwomba m'manja, kufunsa za mwendo, n'kuyamba kutsanzika. Adali atafika kale pageti pamene a Laison adakhosomola.

"Danai."

"Sekuru?"

"Bwerera, mwanangu. Khala apa." Adamulozera pokhala. "Undiphunzitse manambala aja. Pang'onopang'ono, m'chilankhulo cha pakhomo pano. Ndikapanda kumva ndikuuza, ubwereze."

Mtsikanayo adabwerera. Adalowa m'takishopu, kupempha katoni ya sopo yopanda kanthu ndi cholembera, n'kujambulapo kagalasi kaja ndi manambala ake awiri. Kenaka adasuzumira kuseri kwa chitseko n'kutulutsa ndodo yachitsulo ija.

"Iyi ndi mano a makina," adatero, akuikweza cha ku denga la khonde. "Nambala ya kumanzere ndi pamene ndodo yafika. Ya kumanja ndi pamene chikhatho chanu chija chayambira. Makina amachiyeza okha, ndiye nambalayi imasintha malasha akatsika kapena akakwera. Ya kumanzere isadye ya kumanja. Basi."

"Bwereza."

Adabwereza.

"Ndiye ikatsika ya kumanja, nanenso nditsike?"

"Ehe! Mwagona, Sekuru!"

"Ndagona? Ndili maso ine!"

"Aiwa, ndimati mwakhoza. Chishona chandilowerera," adatero Danai akuseka, mayi Esnath nawo akuseka m'takishopu mpaka kugwetsa banzi.

A Laison okha sadaseke. Adayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Madzi a tiyi amene mayi Esnath adateleka Danai akuyamba kujambula adali asanawire n'komwe. Chinthu chimene adachibisa miyezi iwiri ndi theka, chimene adatsala pang'ono kuchilipira ndi moyo, chidatha kufotokozedwa ketulo isanalire.

Kuyambira tsiku limenelo katoni ija sidachoke pakhonde. M'mawa uliwonse ankaika ndodo za kuchipatala pambali, kuyesa kuyenda mpaka pageti, kenaka kukhala pansi ndi manambala. Mwana wawo Joyleen ankawatchulira nambala ya kumanja, iwo n'kumayankha pomwe aimitse mano. Akalakwa ankati, "Bwereza." Mawu amene kale ankawatsamwa pakhosi adasanduka nyimbo ya pakhomopo, mpaka ogula mabanzi adayamba kuwapatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji, a Bwereza?" Iwo ankangoyankha kuti adzuka bwino.

Patatha miyezi isanu adakwera basi ya kumadzulo akutsimphina pang'ono. Pa tsiku la mayeso adaima kumbuyo kwa kansalu kofiira, botolo la madzi pambali pa phazi lawo, n'kudula msewu wonse osasuntha. Oyeza atalowa pambuyo pa okhoma mabawuti adapeza chikhatho cha malasha chili chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Adawabwezera rimoti yawo.

Pano akabwera anyamata atsopano, Danai amawaphunzitsa manambala, kenaka amaitana a Laison kuti awaphunzitse kumvera denga, poti kagalasi sikamva tetete uja. Asanayambe, iwo amakwinya thalauza n'kuwaonetsa chipsera cha pamwendo.

"Ichi si mwala udachita," amatero. "Mwala udangomaliza. Amene sanamve akweze dzanja tsopano, ndili pano."

Ine wolemba izi ndidamaliza Fomu 4 osakwezapo dzanja m'kalasi ngakhale kamodzi, ndipo zimene sindidamve ndidatuluka nazo chomwecho. N'chifukwa chake katoni ya sopo ija sindidalole kuti itayidwe. A Laison adapulumuka ndi sitepe imodzi yokha, ndipo si onse amene mwala umawasiyira sitepe imeneyo. Akale adaona kutali pamene adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.