Njira ya Lufeyo

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankakhala yekha kutsidya kwa dambo. Mkazi wake anali atamwalira, ana atabalalika m'matauni. Anatsala ndi khasu ndi tambala mmodzi.

Chaka chimene anabatizidwa, Lufeyo analambula njira kuchokera pakhomo pake mpaka kutchalitchi. Koma inali njira, abale! Ena amati ngolo ziwiri zinkadutsana osakhudzana. Ena amati singano ikagwa unkaiona uli patali. Ine sindinayeze, koma amene anandiuza sanama tsiku lililonse. Lamulungu likafika, Lufeyo ankapezeka pakhomo la tchalitchi belu lisanalire.

Anthu anamutama kwambiri. Lufeyo anamva kukoma, nasomeka khasu lake kudenga.

Dzinja linabwera, udzu unamera. Lamulungu lina anasuzumira panja, naona mame ali mbuu. Anati, "Belu ndikulimva ndili pompano. Nyimbo nazo zimabwera ndi mphepo." Anatulutsa mpando pakhonde, nakhala. Kuyambira tsiku limenelo ankapemphera ali pomwepo. Nyimbo ikatha kutsidyako, iye ankati "Ameni" yekha, tambala n'kumuyankha.

Tsiku lina kunabwera mayi Nasibeko, mtsogoleri wa amayi oyendera odwala, chitenje chili chisoso chokhachokha.

"A Lufeyo, njira yanu ija ikutsekatu. Ndachita kusambira m'udzumu."

"Iii, mayi, njira imeneyo ndinalambula kale. Funsani aliyense."

"Kale lake liti, bambo? Udzu sumva za kale."

Lufeyo anaseka, nawapatsa chinangwa choti akadye kunyumba. Khasu silinatsike.

Zinadutsa zaka zinayi. Tsekera anatalika mpaka nkhanga zinkasochera momwemo. Anthu ankangodziwa kuti Lufeyo alipo poona utsi.

Kenaka malungo anamugwetsa pamphasa. Moto unazima, madzi anatha mumtsuko. Mayi Nasibeko ataona kuti kutsidya sikukufuka utsi, anasonkhanitsa anzawo. Ananyamula phala, nkhuni ndi madzi, nanyamuka akuyimba.

Lufeyo anaimva nyimbo ija ikuyandikira. Nyimbo inapita kumanja. Inabwerera, inapita kumanzere. Kenaka inaima.

"Pano panalitu njira," anamveka mayi Nasibeko.

"Njira yake iti, mayi? Muno ndi mogona njoka. Bambo aja anapita kwa ana awo, basi," anayankha mnzawo wina.

"Kuno! Ndili kuno!" anaitana Lufeyo. Koma mawu ake anathera pakhomo.

Amayi aja anafunafuna mpaka phala linazizira. Kenaka nyimbo inayambanso, ikumka nichepa, mpaka kunangotsala mphepo m'tsekera.

Lufeyo anakwawa, nagwira khoma, nasolola khasu kudenga. Mpini unali utafumbwa. Unangoyoyoka m'manja mwake, khasu n'kugwa pansi. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pakhomo, nayamba kuzula udzu ndi manja, tsinde limodzilimodzi, tambala akumuyang'ana. Ngati anakafika kutsidya, ine sindinamve.

Tsono inu amene mwakhala phee apa, njira yanu munailambula chaka chiti? Munabatizidwa, inde, tinaona, ndipo tinadya nawo mpunga. Koma udzu sufunsa tsiku la ubatizo, umangomera. Kumva belu si kufika, ndipo "Ameni" wa pakhonde amayankhidwa ndi tambala. Tsitsani khasu lero, mpini ukadali wolimba.