Chingwe cha Mitu Iwiri

Panali munthu wina amene mayi ake anamwalira namusiyira chimbale chimodzi. Pa chimbalecho panali mawu awo akuimba. Anawajambula kalekale kutchalitchi, tsiku limene kwaya ya amayi inavala yunifolomu yatsopano, ndipo wotsogolera nyimbo anali iwowo. Kwina kulikonse mawu awo kunalibe.

Maliro atatha, munthuyo analakalaka kuwamvanso mayi ake. Laputopu yake inalibe polowetsa chimbale. Ndiye anakabwereka kwa aphunzitsi ena kabokosi kowerenga zimbale, kolumikiza ndi chingwe. Anaika chimbale mkati, nasomeka chingwe pa laputopu. Kanyali kobiriwira kanayaka. Kabokosi kanalira pang'ono, kenako zii. Pa kompyuta sipanaoneke kanthu.

Anazula chingwe nasomeka pa bowo lina. Anazimitsa kompyuta nayatsanso. Anauzira m'mabowo kuti fumbi lichoke. Masiku atatu akuchita zomwezo, ndipo masiku atatu kanyali kankangoyaka.

Anaimbira foni abale ake. Mkulu wake wa kutauni anati imeneyo ndi vairasi, nadula foni chifukwa anali pamsonkhano. Mlongo wake anati kabokosiko n'kakutha, zinthu zikakalamba zimatero, asadzivutitse. Malume ake anati apemphere. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anati akubwera adzaone.

Tsiku lachinayi anadina batani kuti atulutse chimbale chake. Kabokosi kanakana kutseguka. Munthuyo anatenga mpeni wosendera mbatata, naulowetsa pa kampata, nakanula ndi mphamvu zake zonse. Kabokosi kanatseguka. Chimbale chinatuluka chitang'aluka kuchokera pakati mpaka m'mphepete.

Anakulunga zonse pa kansalu napita kumsika, kwa mayi wina wokonza mafoni ndi makompyuta. Mayiyo anayang'ana chimbale padzuwa, nachiika pansi. Kenako anatenga chingwe. Pakati pake panali pomangidwa ndi kalabala. Atamasula, panalendewera mutu wachiwiri wosomekera.

"Achimwene, mutu uwu mumasungira ndani?"

Munthuyo anati ankayesa ndi wapadera, woti adzasomeke winawo ukadzafa.

"Ayi. Uwu umanyamula mawu, uwu umanyamula moto. Mukasomeka umodzi kanyali kamayaka ndithu, koma mphamvu yozungulitsa chimbale imaperewera, kompyuta siikaona. Kabokosi aka kanali kamoyo. Kanali ndi njala basi."

Mayiyo anatenga kabokosi kake ka mtundu womwewo, nasomeka mitu yonse iwiri ya chingwe chija, naikamo chimbale cha nyimbo za ukwati wa eni. Nthawi yomweyo chinazungulira, nyimbo inamveka msika wonse.

Munthuyo anafunsa za chimbale chake. Mayiyo anamuonetsa kabowo kakang'ono pakhomo pa kabokosi, nati akanangobayapo ndi pini chikanatuluka chathunthu.

"Koma ichi ndiye chapita, achimwene. Pepani."

Tsono inu amene mwabwera lero kudzavundukula chiliza cha mayi athu a Nankhoma, mwavala nsalu zofanana, mwakhala pa mipando ya kutsogolo. Ine sukulu ndinalekezera panjira, mawu okometsera ndilibe. Mayi anagona m'nyumba iyo akudwala miyezi isanu ndi iwiri. Mukaimba foni ankayankha kuti adzuka bwino, inu n'kumati basi kanyali kakuyaka. Tsiku lija achipatala anati pakufunika magazi a abale awiri, pa benchi ya opereka magazi ndinakhalapo ndekha. Inu achimwene munali pamsonkhano. Inu achemwali munati munthu akakalamba amatero. Inu amalume munati tipemphere. Botolo langa limodzi linawasunga masiku anayi.

Azakhali athu ndi awo akhala pakhonde, nsalu ikuwavuka m'chiuno chifukwa cha kuonda. Mukawafunsa ayankha kuti ali bwino, ndipo mudzakwera magalimoto anu mitima ili m'malo.

M'mawa muja munandituma kuti ndibweretse chimbale cha mayi muike pa masipika, alendo amve mmene ankaimbira. Wa mpeni uja ndine. Chimbale kulibe. Imirirani muimbe nokha, ngati alipo pakati panu amene akukumbukira nyimbo yake.