Lenzi Yobisidwa M'bokosi la Masari

Tanmoy ankajambula zithunzi za mapasipoti m'kachipinda kena ku Kolkata, moyandikana ndi shopu ya a Bhabesh, okonza makamera akale. Mtima wake unali pa Madhurima, mtsikana wovina wa mumsewu womwewo, koma pakamwa pake panali loko.

Tsiku lina Madhurima anabwera yekha. "Mvula ikatha ndidzavina ndekha koyamba. Mudzandijambule, zithunzizo ndikapemphere malo kusukulu ya zovina. Koma muholo saloleza fulashi, kuwala kong'anima kwa kamera kuja, ndipo ojambula amakhala kumbuyo. Mudzatha?"

"Ndidzatha," anayankha Tanmoy, maso ali pansi.

Anayendayenda m'misika mpaka anapeza lenzi ya kamera, yakale yachitsulo, yolemera ngati mwala wamphero, yagalasi lalikulu lomwa kuwala ngakhale mumdima. Ukaipotoza ndi dzanja, nkhope ya munthu wakutali inkabwera pafupi ngati akufuna kukunong'oneza. Anaiika m'chikwama chake chachikopa, naikwirira pansi pa masari, nsalu zazitali zimene mayi ake ankavala, m'bokosi, kuti asaione munthu.

Koma a Bhabesh anamva kwa wogulitsayo.

"Iwe, akuti wagula chinjovu cha lenzi. Wachisunga kuti?"

"Pabwino, amalume."

"Pabwino pake ndi m'kabati yangayi, muli nyali. Lenzi si golide, imafuna kuwala ndi mpweya. Bwera nayo mvula isanalimbe. Kapena ukuopa kuti tikufunsa mwini nkhope?"

Anthu omwe ankamwa tiyi pakhomo anaseka. Tanmoy makutu anamutentha, ndipo analumbira mumtima kuti lenziyo siidzaponda m'shopumo.

Mvula inagwa miyezi itatu. Makoma anatuluka thukuta, nsapato zinamera ndevu. Bokosi lija silinatsegulidwe.

Tsiku lovina, Tanmoy anatulutsa lenzi ija n'kuimanga pakamera, ndipo anasuzumiramo ali kumbuyo kwa holo, naona Madhurima ngati ali mu utsi. Anaganiza kuti ndi lubani amene ankafuka kutsogolo. Anapotoza, najambula, mpaka mafilimu atatu anatha.

Atatsuka zithunzi, zonse zinali mbuu. Manja ankaoneka, maso ayi. Tanmoy anaiwala lumbiro lake n'kuthamangira nayo lenzi ija kushopu. A Bhabesh anaikweza padzuwa. Mkati mwa galasi munali timizere toyera toyanga ngati ukonde wa kangaude.

"Chuku," anatero. "Chadya galasi lenilenilo. Ukanabwera mwezi woyamba, ndikanapukuta tiyi wako asanazizire."

Madhurima anafika madzulo, a Bhabesh atamuuza kale za lenzi ya m'bokosi. Anayang'ana zithunzizo chimodzi ndi chimodzi. Tsiku lomaliza lozitumiza kusukulu kuja linali mawa lake, ndipo guleyo sakanabwerezedwa.

"Munaibisiranji?" anafunsa.

Tanmoy anati, "Ndinkaopa kuti anthu adziwa chimene ndinaigulira."

"Adziwa?" Madhurima anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Wogulitsa tiyi akudziwa. Mayi anu akudziwa, anauza mayi anga chaka chatha. Inenso ndimadziwa, n'chifukwa chake sindinapite kwa wojambula wina. Ndimadikira kuti munene nokha."

Anaika zithunzizo patebulo mwaulemu, natsegula ambulera yake ngakhale kunja kunalibe mvula, n'kumapita. Kusukulu kuja anatenga ena. Kuyambira pamenepo Madhurima ankadzera msewu wakuseri popita kumsika.

A Bhabesh anabwezera Tanmoy lenziyo m'manja, nati, "Chinsinsi chako unasunga bwino, mwana wanga. Unangobisira anthu odziwa kale."

Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi inafera kuuna.